Nkhukundembo ya Khrisimasi mu uvuni waung'ono, zomwe zinandichitikira ku Manchester

Abale anga amene muli kuno ku UK ndipo mukuganiza zowotcha nkhukundembo yathunthu pa Khrisimasi, musanapite ku shopu tengani kaye tepi muyeze mkati mwa uvuni wanu, muyezenso fuliji. Ineyo sindinatero nde ndikufuna ndikufotokozereni mmene zinayendera, chifukwa ambirife timakhala m'mafulati a lendi momwe cooker yake ndi kaja kakang'ono ka masentimita 50, ndipo maresipi ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a makhitchini akuluakulu, ena mauvuni awiri.

Inali Khrisimasi yoyamba titalowa fulati yathuyathu, kale tinkakhala nyumba yogawana ndi anthu ena. Ana ndi amene anayambitsa, akuti anzawo onse ku sukulu amadya turkey, ife chaka chilichonse nkhuku ndi mpunga basi. Ine ndinavomera ndi mtima wonse, ndinaona kuti anawa akukulira kuno palibe cholakwika kuti alaweko za kuno, komanso ndinkafuna kuthokoza anthu amene anatigwira dzanja titangofika. Nde tinaitana alamu anga ndi akazi awo ndi ana, amalume a bambo a kunyumba kuno amene ndi munthu wamkulu ndithu, ndi mtsikana wina wa kwathu amene amaphunzira ku yunivesite analibe kopita. Tonse pamodzi tinali anthu khumi. Ndinawauza kuti chakudya 1 koloko.

Kugula ndinachedwa dala, ndinamva kuti mitengo imatsika masiku omaliza. Ndinapita pa 23 madzulo nditaweruka ku ntchito, kukapeza zing'onozing'ono zatha, ma crown aja, chifuwa chokhachokha chopanda miyendo, nawonso atha, mu filiza mwatsala zikuluzikulu zokhazokha. Ndinanyamula ya makilo 6 ndi pang'ono, youma ndi ayisi gwaa ngati mwala, pafupifupi mapaundi 30. Ndinatenganso thileyi ya foyilo yotaya ija, yaikulu kwambiri imene inalipo, poganiza kuti nyama yaikulu imafuna thileyi yaikulu. Panjira ndinali osangalala zedi, ndinatumiza ndi chithunzi pa gulupu ya banja kumudzi.

Vuto loyamba linali fuliji. Yathu ndi ija yaifupi yolowa pansi pa kauntala, ndinachita kuchotsa shelefu imodzi, mkaka ndi ndiwo zina kuziika mu jumbo panja pa windo poti kunja kumazizira. Ndinagona mtima uli m'malo kuti pofika mawa usiku ikhala itasungunuka.

Apa ndi pamene ndikanakonda wina akanandiuza. A Food Standards Agency, amene amaona za ukhondo wa zakudya kuno, amati nkhukundembo ikamasungunuka mu fuliji muziwerengera maola 10 mpaka 12 pa kilo iliyonse. Ya makilo 6 ndi maola 60 mpaka 72, masiku awiri ndi theka mpaka atatu amenewo. Kutanthauza kuti yanga inkayenera kulowa mu fuliji pa 22 mmawa olo pa 21 usiku, ine ndinali ndisanaigule nkomwe. Ndipo fuliji yaing'ono yodzadza, mukaikamo chinthu chachikulu chouma choncho, kusungunuka kumachedwerapo.

Pa 24 usiku ana atagona, mphatso titakulunga, ndinaitulutsa kuti ndithire mchere ndi zokometsera. Kunja khungu linali lofewa pang'ono koma kukanikiza ndi chala pa ntchafu kunali kolimba, mkati dzanja silimalowa nkomwe, ayisi yekhayekha. Mtima unangoti phaa. Bambo a kunyumba akuti tiike pafupi ndi radiator, ine ndinakana ndipo mpaka pano ndimathokoza kuti ndinakana, chifukwa kutero kunja kumafunda tizilombo nkuyamba kuswana pomwe mkati mukadali ayisi, ndipo tinali ndi ana ang'ono komanso munthu wachikulire odzadya. Tinasaka pa foni nkupeza njira imene a ku America amalangiza, kuimiza m'madzi ozizira ikadali mu pulasitiki wake osabooka, kusintha madziwo mphindi 30 zilizonse, pafupifupi ola limodzi pa kilo, ndipo ikangosungunuka muyenera kuiphika pompo osaisunganso. Mu sinki simunakwane. Tinatsuka chidebe chachikulu chija timasungira ufa, nkuchiika m'bafa, nde usiku onse tinkalandirana, wina kugona pang'ono wina kukasintha madzi. Madzi a pa mpopi mu Disembala kuno amaluma m'manja, zala zinachita kufiira. Ku tchalitchi mmawa wake sitinapite, zomwe zinandiwawa chifukwa chibadwire sindinajombepo mapemphero a Khrisimasi.

Cha m'ma 7 dzanja linalowa. Mkati muja mumakhala kajumbo ka pulasitiki muli chiwindi, mtima ndi nthutumba, khosi limakhala palokha, ndipo nthawi zina kajumboko amakabisa mbali ya kukhosi osati kumbuyo, nde fufuzani mbali zonse ziwiri musanawotche. Chinanso, ife tinakula tikutsuka nkhuku tisanaphike, ndipo dzanja limangopita lokha ku mpopi. Kuno amaletsa, akuti madzi othovoka aja amamwaza tizilombo pa sinki, pa mbale ndi pa kauntala pomwe mukudulira saladi, pamene moto ndi umene umapha tizilomboto. Mu khitchini yaing'ono ngati yanga, poti sinki ndi podulira zinthu zagundizana, ndinaona kuti nzoona. Ndinangoipukuta ndi mapepala a mu khitchini, kupaka batala, mchere, adyo ndi tsabola, mkati nkuikamo anyezi ndi ndimu.

Pa pepala lake panalembedwa nthawi, ndipo zimagwirizana ndi malangizo a Food Standards Agency aja, mbalame ya pakati pa makilo 4.5 ndi 6.5 ndi mphindi 40 pa kilo, moto wa madigiri 180. Maola 4. Ndinawerengera kuti ikalowa 9 ituluka 1, alendo adikira pang'ono basi. Za mbatatesi, za masoseji okulunga bacon aja ana anapempha, za nkhuku imene ndinakonzera amalume poopa kuti mwina turkey saikonda, sindinaganize nkomwe kuti zonsezo zikufuna uvuni omwewo umodzi.

Kutsegula chitseko kuti ndilowetse, thileyi inakana. Inali yotambalala kuposa uvuni. Thileyi yachitsulo imene tinaipeza m'nyumbamo inali yaing'ono, miyendo imalendewera kunja. Ndinapinda m'mbali mwa ya foyilo ija nkuikankha mokakamiza pa shelefu ya pansi penipeni, ndipo chifuwa chinatsala pang'ono kwambiri kugunda denga la uvuni, mpata wake chala chimodzi. Chitseko chinatsekeka, ndinapuma.

Sipanathe ola, fungo lopserera. Kenako alamu ya utsi kuyamba kulira, ana kutseka makutu, bambo awo akukupiza thawulo pansi pa alamu, mawindo onse pululu kunja kukuzizira. Kutsegula uvuni utsi tolo. Khungu la pamwamba pa chifuwa linali lada bii, ndipo popinda paja thileyi inang'ambika pakona, mafuta amadontha pansi pa uvuni nkumapsa. Zimenezi musazitenge mwachibwana, mafuta a mu uvuni amatha kuyaka moto weniweni, ndipo zikatero musathire madzi, zimitsani uvuni chitseko chikhale chotseka. Ife mwamwayi unali utsi chabe. Thileyi za foyilo zija ndi zofewa, nyama ya makilo 6 siziikwanitsa pazokha, pamafunika yachitsulo pansi pake.

Ndinazimitsa, kupukuta mafuta, kuvindikira pamwamba ndi foyilo, kutsitsa moto, kubwezeramo. Kenako ndinkangotsegulatsegula kusuzumira, osadziwa kuti uvuni waung'ono ukangotsegula kutentha kumathawa kambiri ndipo umatenga nthawi kuti ubwererenso. Cha m'ma 11 ndinabaya pa ntchafu ndi mpeni, kunatuluka madzi ofiira, magazi enieni. Pamwamba popserera, pansi paliwisi. Mpweya wotentha unalibe poyenda chifukwa mbalame inadzadza uvuni onse, nde mbali yoyandikira chitsulo imapsa yokha. Bambo anathamangira ku kashopu ka pakona, poti mashopu akuluakulu ku England lamulo silimawalola kutsegula pa 25, anapezako foyilo basi, thileyi kulibe. Mabasi ambiri ndi sitima tsikuli siziyenda, kulibe kwina kothamangira. Kenako mita ya magetsi nayo inayamba kuchenjeza kuti ndalama zatsala pang'ono, ife tili pa yolipiriratu ija, ndipo uvuni, mbaula zonse ndi hita zinali zikuyaka kuyambira mbandakucha. Tinathira mapaundi 20 kudzera pa foni.

Ndinakhala pansi mu khitchini nkulira, sindikubisirani. Tulo sindinagone, ndalama zapita, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi choti amalume ali ndi shuga, amayenera kudya pa nthawi yake, ine ndawaitana kudzawakhalitsa ndi njala.

Ndinaimbira mayi ena a ku tchalitchi kwathu amene akhala kuno zaka zambiri ndipo anagwirapo ntchito mu khitchini ya nyumba yosamalira okalamba. Anali ali pakati pophika nawonso koma anandimvetsera. Anati, "Mwana wanga pukuta misozi, itulutse pompano uidule. Wakuuza ndani kuti ikuyenera kufika pa tebulo yathunthu? Miyendo ndi mapiko ponya mu poto uphike mmene umaphikira nkhuku ya lokolo, chifuwa chokha ndi chimene chibwerere mu uvuni." Ine ndinati, "Koma amayi, ana amafuna aione ngati ya pa TV." Iwo anati, "Ana akufuna kudya, ndipo usazengereze, nyama yafunda kale imeneyo siyofunika kukhala panja."

Ndinachita zomwezo. Kudula nkhukundembo yotentha theka si ntchito yamasewera, ndinagwira ndi thawulo loyera, bambo akuthandiza kukanikiza. Mumadula khungu pakati pa ntchafu ndi chifuwa, nkupinda mwendo kumbuyo mpaka fupa litatuluka pa mfundo, mpeni umadutsa pomwepo osavuta. Mapiko chimodzimodzi. Msana ndi umene unavuta, tinachita kudula nthiti ndi sizasi ya mu khitchini mbali zonse ziwiri. Titachotsa msana chifuwa chinakhala pansi bwinobwino, chinakwana mu thileyi yachitsulo yaing'ono ija, ndipo pamwamba panatsala mpata wokwana dzanja lonse. Khungu lopserera ndinalisenga, kupakanso batala, kuthira madzi pang'ono pansi ndi anyezi, foyilo pamwamba, kubwezera pa 180. Kenako kutsuka kauntala, mpeni, sizasi ndi thabwa ndi madzi otentha a sopo, chifukwa madzi a nyama yaiwisi anali ponseponse.

Miyendo ndinaidula zidutswa, kukazinga mu poto wamkulu, anyezi, tomato, adyo, curry pang'ono ndi kambuzi mmodzi, madzi, moto wapansipansi. Nyama ya miyendo ya nkhukundembo ndi yolimba ndipo ili ndi mitsempha yambiri yolimba ngati timafupa, imafuna nthawi, yanga inatenga pafupifupi maola awiri kuti ifewe. Msana, khosi ndi mtima zinalowa mu poto wina ndi karoti kuti ndipeze msuzi wa gravy. Nthutumba ndinaiika mu poto wa miyendo, imeneyo ndinasungira amalume.

Aneba athu a khomo loyang'anana nalo, gogo wina wachizungu okhala yekha, anagogoda chifukwa cha alamu ija kufunsa ngati tili bwino. Atamva nkhani anabwerera nkubweretsa thermometer ya nyama, kachitsulo kobaya kaja. Kameneka ndi kamene kanandichotsa mantha. Mumabaya pamene nyama yanenepa kwambiri osagunda fupa, ikafika madigiri 75 yapsa, palibenso zolota. Mtengo wake m'mashopu ndi mapaundi ochepa chabe ndipo ndikanakhala nako poyamba sindikanangotsegulatsegula chitseko. Ngati mulibe, malangizo ake ndi oti nyama ikhale yotentha mpaka kutuluka nthunzi mkati monse, pasaoneke pofiirira, ndipo madzi otuluka mukabaya akhale oyera.

Alendo anafika 1 koloko monga tinapangana, nyumba ikununkhabe utsi. Ndinawalandira nkuwauza chilungamo kuti chakudya chichedwa. Amalume ndinawapangira tiyi opanda shuga ndi buledi ndi mazira, ndinati, "Pepani amalume, yambani mwagwirako aka." Anangoti, "Musadandaule amayi, tabwera kudzacheza, chakudya chitipeza." Akazi awo a alamu anga sanakhale nkomwe pansi, anamanga chitenje nkulowa mu khitchini, anati, "Mlamu, mpunga ndi nsima ndisiyireni ine, inu yang'anani za mu uvunizo." Mtsikana wa ku yunivesite uja anatenga ana nkumasewera nawo ku chipinda. Kunena zoona popanda anthu awiriwa sindikanakwanitsa.

Chifuwa chinafika 75 itadutsa 2 koloko. Mayi aja anali atandiuza kuti ndisachidule pompo, ndichivindikire ndi foyilo ndi thawulo pamwamba chikhale kaye. Izi kwa ife a uvuni umodzi ndi chipulumutso, chifukwa nyama yaikulu choncho imakhalabe yotentha kwa ola lathunthu, imakhalanso yofewa bwino ikapuma, nde ola limenelo uvuni ndi wanu. Ndinakweza moto kufika 200 nkulowetsa mbatatesi zimene ndinali nditaziwiritsa kale pang'ono, pansi pake masoseji. Nkhuku ija sinalowenso mu uvuni, tinangoidula nkuikazinga pa mbaula. Ma sprouts, tikabichi ting'onoting'ono tija, ndi karoti pa mbaula pomwepo mapoto akulandirana malo. Uthenga wa Khrisimasi wa Mfumu ya UK wa 3 koloko unadutsa pa TV ife tikadali pa moto.

Tinakhala pa tebulo itadutsa 4, kunja kutada kale. Amalume anapemphera. Chifuwa ndinachidula mu khitchini nkuyala pa mbale, chinali choumirako pang'ono mbali ya pamwamba imene inapserera ija, gravy ndi amene anathandiza. Ana anadya ndi cranberry sauce nkukhutira kuti adya turkey. Koma poto wa miyendo ndi amene anatha koyamba, akuluakulu onse anathira pa nsima, alamu anga anachita kupempha msuzi wotsalira. Aneba aja tinawapatsira mbale yawo pobweza thermometer.

Nyama ya chifuwa inatsala yambiri. Zotsala siziyenera kugona pa tebulo, zikazizira zilowe mu fuliji pasanathe maola awiri, ndipo zidyedwe m'masiku awiri apo ayi ziikeni mu filiza. Ine ndinagawira alendo m'makontena poti fuliji yanga mukuidziwa kale, ina ndinaduladula nkuika mu filiza, tinadzaphikira mpunga mu Januwale. Mpunga wotsala ndiye musamale kwambiri, uzizire msanga ndipo mutenthetse kamodzi kokha.

Ndikawerengera ndalama, mbalame 30, magetsi owonjezera 20, thileyi imene ndinataya, foyilo wa ku kashopu wokwera mtengo, mankhwala otsukira uvuni chifukwa mafuta opserera aja anakakamira ndipo a lendi amayang'ana uvuni potuluka nyumba, zonse za nkhukundembo yokha zinapitirira mapaundi 60, osawerengera zakudya zina ndi zakumwa. Thupi nalo linandiwawa mpaka pa 27.

Chaka chotsatira ndinachitanso koma mosiyana. Kumayambiriro kwa Disembala ndinayeza uvuni, m'lifupi, kuya kwake ndi kutalika kuchokera pa shelefu ya pansi kufika ku denga, manambala nkulemba mu foni. Ndinagula thileyi yachitsulo yosiya mpata wa zala ziwiri mbali zonse, ndi thermometer yangayanga. M'malo mwa yathunthu ndinagula crown ya makilo awiri ndi theka, ndi miyendo payokha, imagulitsidwa padera ndipo si yokwera mtengo. Crown inalowa mu fuliji pa 22 mu mbale yakuya pa shelefu ya pansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina, pa 24 mmawa inali itasungunuka, ndinaithira mchere nkuisiya igone choncho. Miyendo ndinaphikiratu pa 24 madzulo, gravy chimodzimodzi, mbatatesi kusenda nkuziviika m'madzi, magetsi kuthiriratu. Stuffing, zosakaniza za buledi ndi zokometsera zimene ena amalonga mkati mwa mbalame, ndimaphika mu kambale kake osati mkati mwa nyama, chifukwa ikakhala mkati imachedwetsa kupsa. Ndinalemba pa pepala chimene chilowe mu uvuni nthawi yanji nkumata pa fuliji, kuwerengera chobwerera kuchokera pa nthawi yodya, ola lopumira nyama lija ndi la mbatatesi.

Ngati mwagula kale yathunthu ndipo mwaona kuti siikwana, iduleni ikadali yaiwisi ikangosungunuka, nzosavuta kusiyana ndi mmene ndinachitira ine ili yotentha, kapena ngati mwagula ku butchala apempheni akudulireni konko miyendo ndi msana. Crown yangayo inalowa titangobwera ku tchalitchi, inatenga maola awiri osakwana bwino, ndipo tinadya 2 koloko.